Kudzudzula Kosatukwana: Kuunika Kalata ya Maepiskopi ya 1992

Chichewa chili ndi mawu ambiri onena za kuyankhula zoipa za munthu wina, ndipo mawuwo safanana kulemera kwake. Pali kudzudzula, kunyoza, kutukwana, kujeda, kusinjirira ndi kunamizira. Wodzudzula amaloza cholakwa kuti chikonzedwe. Wonyoza ndi wotukwana alibe nazo ntchito zokonza kanthu. Chimene afuna n'chakuti mnzawo achepe pamaso pa anthu. Wojeda amadikira kuti mwini nkhani atembenuke kaye, pomwe wonamizira amasenzetsa mnzake mtolo umene sadamange. Makolo athu sakadavutika kusula mawu onsewa zinthuzi zikadakhala chimodzimodzi. Komabe pakabuka mkangano pagulu, anthu ambiri, ophunzira ndi osaphunzira omwe, amazisokoneza: wodzudzulidwa amadandaula kuti wanyozedwa, ndipo wotukwana amadzitama kuti akungonena chilungamo.

M'nkhani ino tiunika cholembedwa chimodzi chimene chidasunga bwino malire amenewa pa nthawi imene kuwasunga kudali kovuta kwambiri. Cholembedwacho ndi kalata imene maepiskopi a mpingo wa Katolika m'Malawi adalembera akhristu awo m'nyengo ya Lenti m'chaka cha 1992. M'Chingerezi idatchedwa Living Our Faith, ndipo idasindikizidwanso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Idawerengedwa m'matchalitchi a mpingowu Lamulungu pa 8 Malichi. Sitiiunika ngati chiphunzitso cha chipembedzo, pakuti imeneyo ndi ntchito ya eni ake. Tiiunika monga momwe timaunikira ndakatulo kapena sewero m'kalasi: tifunsa kuti alembi adasankha kunena chiyani, adachinena motani, adasiya chiyani, ndiponso kuti zidatheka bwanji kuti mawu ofatsa chotero agwedeze boma limene lidakhala zaka pafupifupi 28 popanda wolitsutsa poyera m'dziko muno.

Kudzudzula wamkulu si chinthu chachilendo pakati pathu. Kumudzi, mkazi amene mwamuna wake adali waulesi, kapena amene apongozi ake adali ovuta, sankapita kukaima pakhomo ndi kuyamba kulalata. Ankatenga mtondo ndi munsi, naitana mnzake, ndipo madandaulo ake ankawaika m'nyimbo. Mudzi wonse unkamva, mwini nkhani ankadziwa yekha kuti akunena iye, koma dzina silinkatchulidwa, motero padalibe mlandu. Asuweni ankaseleulana mpaka womvera kugwa nkhope, koma aliyense ankadziwa kuti woseleulidwa lero ali ndi ufulu wobwezera mawa. Ku Zambia Angoni ndi Abemba amachitirana chipongwe cha mtundu womwewo, ngakhale pamaliro, popanda wokwiya. Nkhani ikakula inkapita kubwalo, kumene wodandaula ankayankhula wodandauliridwa ali pomwepo, ankhoswe ali pambali, mboni zili tcheru. Amene wapezeka kuti adangotukwana mnzake kapena kumunamizira ankalipa nkhuku, mwina mbuzi.

M'njira zonsezi mudali zinthu ziwiri zosasowa. Chodzudzulidwa chidali chinthu chimene anthu akadatha kukachiona ndi maso awo: munda wosalima, nkhokwe yopanda kanthu, mwana woyenda wausiwa. Ndiponso wodzudzulidwa adali ndi mpata woyankha. Ulemu wa makolo udali luso loyankhula zowawa mwa njira yoti m'mawa mwake mudzathe kupalanabe moto.

Mwambo umenewu udapotozedwa dziko litangolandira ufulu wodzilamulira. Mu Seputembala 1964 nduna zina za boma, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere, zidasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo zina zidachotsedwa, zina zidatula pansi udindo. Kuchokera pamenepo nyimbo, imene kale idali chida cha wochepa mphamvu podandaulira wamphamvu, idasanduka chibonga cha wamphamvu pokanthira wothawa. Pamisonkhano ndi pawailesi pankamveka nyimbo zotchula anthuwo maina, kuwanyoza ndi kuwatcha zigawenga, eni ake ali kunja kwa dziko, opanda poyankhira. Pamtondo dzina linkabisidwa, cholakwa n'kuululidwa. Apa dzina linkafuulidwa, cholakwa osafotokozedwa. Ambiri a ife tidakula tikuimba maina amenewo tisakudziwa kuti eni ake adalakwa chiyani.

Nthawi yomweyo mawu oti ulemu adapatsidwa tanthauzo lachilendo. Ngodya zinayi zimene mwana aliyense wa sukulu ankaloweza zidali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo kufunsa funso kunkatengedwa ngati kugumula zonse zinayi nthawi imodzi. Mu 1968 padakhazikitsidwa lamulo lopatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Wailesi idali imodzi yokha, ya MBC, ndipo manyuzipepala akuluakulu, Daily Times ndi Malawi News, adali m'manja mwa mtsogoleri yemweyo. Alembi adathawira m'zining'a. Jack Mapanje adatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods mu 1981, ndipo dzina lokhalo likuulula njira imene alakatuli adatsata, yoyenda mosamala ngati bilimankhwe ndi kusintha khungu malinga ndi tsamba. Ngakhale adasamala chotero, mu Seputembala 1987 adamangidwa, nakhala kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Khoswe adali atakhala pamkhate.

M'dziko lotere maepiskopi akadatha kupitiriza kukhala chete monga adachitira zaka zambiri, kapena kuphiphiritsa kwambiri mwakuti omva akadakhala okhawo a ku Chancellor College. Iwo adasankha kuyankhula poyera, m'mawu oti mayi wogulitsa masamba amve, koma osatukwana munthu. Tiyeni tione momwe adachitira.

Poyamba penipeni, eni kalata adadzitchula. Ambuye James Chiona, Arkiepiskopi wa Blantyre, pamodzi ndi anzawo adaika maina awo kumapeto kwa kalatayo, akudziwa bwino kuti apolisi amatha kuwerenga. Ichi chimaoneka chaching'ono, koma ndi pamene wodzudzula amasiyanirana ndi wojeda. Munthu amene waika dzina lake pa mawu ake wadziika pachiswe: akapezeka wabodza, manyazi ndi ake. Kaamba ka ichi amayesa mawu alionse asanawatulutse, ndipo womvera naye amawalandira molemera. Kalata yosasaina, ngakhale itanena zoona, imafika kwa wowerenga ngati mwala wogwa padenga usiku. Mwini nyumba amathamangira kufunsa kuti waponya ndani, za mwalawo osazilabadira.

Kalatayi sidalembedwe ngati chisamani chopita kwa boma. Idalembedwa kwa abale ndi alongo mumpingo, ndipo liwu lolamulira m'menemo ndi "ife". Mavuto a dziko akufotokozedwa ngati mavuto a banja limene alembi ali m'kati mwake. Wowerenga sakumva chala chikuloza kutsidya kwa mtsinje. Pokamba za maphunziro ndi zaumoyo, alembi adayamba avomereza kuti boma lidachitapo zabwino, kenaka n'kufotokoza zimene zidatsala. Ena powerenga masiku ano amati kumeneku kudali kunyengerera chabe kapena mantha. Ine sindiona choncho. Munthu amene amakana zabwino zonse za mdani wake amataya omvera amene adaziona zabwinozo ndi maso awo. M'matchalitchi tsiku limenelo mudali aphunzitsi, apolisi, akalaliki a m'maofesi ndi amayi ovala nsalu ya chipani, ndipo ambiri a iwo ankamukonda mtsogoleri wawo moona. Kalata yoyamba ndi kunyoza ikadawatseka makutu pandime yoyamba. Kalata yoyamba ndi kuvomereza idawasunga pabenchi mpaka kumapeto.

Koma mphamvu yeniyeni ya kalatayi ili m'zinthu zimene idasankha kutchula. Sidakambe za mitima ya atsogoleri, imene palibe angaione. Idakamba za phompho limene linkakulirakulira pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro osakwanira kudyetsa banja, za mitengo yotsika imene mlimi ankalandira pa mbewu zake. Idakamba za makalasi odzaza, aphunzitsi ochepa ndi mabuku osowa, za zipatala zothinana ndi za matenda a Edzi. Kenaka idalowa m'malo amene anthu ankangonong'onezana: kuti munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pamsika, pachipatala ndi padepoti ya basi; kuti mphatso zimene zinkatchedwa zaufulu zinkatoleredwa mokakamiza; kuti anthu ankasungidwa m'ndende osadziwa tsiku limene mlandu wawo udzamvedwe; kuti mabwalo amilandu ayenera kugamula popanda wowakankha kumbuyo. Taonani kuti pa mfundo iliyonse mwa izi alembi sadafunike kubweretsa mboni, pakuti mboni zidali zitakhala kale pamabenchi. Mayi amene adabwezedwa pachipata cha msika dzana lake adali pomwepo. Mphunzitsi wa kalasi ya ana oposa zana adali pomwepo. N'chifukwa chake m'matchalitchi ambiri anthu adaomba m'manja ndi kuliza nthungululu kalata ikuwerengedwa. Sadauzidwe chachilendo chilichonse. Adangomva pagulu, m'mawu okweza, zimene aliyense ankazidziwa payekha n'kumaganiza kuti mwina akuziona ndi iye yekha.

Apa pali phunziro la kalembedwe limene wophunzira aliyense wolemba chimangirizo chotsutsa ayenera kuligwira. Mukalemba kuti mfumu yakutiyakuti ndi yoipa mtima, mwapereka chigamulo popanda umboni, ndipo wowerenga ayenera kungokukhulupirirani. Mukalemba kuti pamudzipo mjigo udaonongeka chaka chatha, ndalama zidasonkhedwa kawiri, koma amayi akutungabe kudambo, mwapereka umboni ndipo chigamulo mwasiyira wowerenga. Chigamulo chimene munthu wafika nacho yekha sachitaya msanga. M'zaka zanga za uphunzitsi ndinkaona pa mtsutso kuti wophunzira amene mfundo zamuthera ndiye ankayamba kukamba za nsapato za mnzake kapena za kwawo kumene achokera. Anzake ankaseka ndithu, koma oweruza sankalemba kanthu.

Chinthu china chimene kalatayi idachita ndi chomwe chija cha pamtondo: sidatchule munthu ndi dzina kuti uyu ndiye wolakwa. Idafotokoza zochitika, eni zochitikazo n'kuwasiya kuti adzizindikire okha. Kuchenjera kwake n'kwakuti padalibe munthu amene akadaimirira n'kunena kuti mbiri yake yaipitsidwa, pokhapokha atayamba wavomera kuti zonenedwazo ndi ntchito za manja ake. Ndipo alembi adaoneratu mlandu umene adzapatsidwe, nauyankhiratu m'kalata momwemo. Pakati pa zodandaula zawo adaikapo chakuti m'dziko muno kuulula zoipa kunkatengedwa ngati kuipitsa mbiri ya dziko, ndipo kuloza kupanda chilungamo kunkatengedwa ngati kupandukira. Mfundo imeneyi ndi yozama kuposa momwe imaonekera. Munthu ali ndi mbiri imene bodza lingaononge, n'kumuchotsetsa ntchito kapena kumuthetsera banja. Koma wolamulira akanena kuti kudzudzula iye n'kunyoza dziko, wavala dziko lonse ngati chikopa chotchinjirizira thupi lake. Wonena kuti chipatala chilibe mankhwala sadanyoze Malawi; odwala amene akuwanenera ndiwo Malawi amene.

Tsono yerekezani kalatayi ndi yankho limene idalandira, pakuti yankho nalonso ndi cholembedwa choyenera kuunikidwa. Patangopita masiku awiri maepiskopi adaitanidwa ndi apolisi mu Blantyre nafunsidwa kwa maola ambiri. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youtsa anthu kuti adane ndi boma, ndipo kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Akuluakulu a chipani adachita msonkhano wadzidzidzi ku Lilongwe, kumene maepiskopi adanyozedwa koopsa, ena mpaka kunena zoti aphedwe. Mawu a msonkhanowo adajambulidwa pakaseti imene idatuluka n'kumveka kunja kwa dziko. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, kumene kalatayo idasindikizidwa, idatenthedwa. Mu Epulo Monsinyo John Roche, wochokera ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko. M'zonsezi fufuzani yankho la mfundo ngakhale imodzi. Palibe amene adaimirira kunena kuti makhadi safunsidwa pamsika, kapena kuti m'ndende mulibe anthu osazengedwa milandu. Mbali ina idabweretsa zinthu zooneka popanda chitonzo, mbali inayo idabweretsa chitonzo popanda chinthu chooneka, ndipo anthu wamba, amene ena ankawayesa osazindikira, adasiyanitsa.

Zotsatira zake n'zodziwika ndipo sitichedwapo. Ophunzira a ku Zomba adayenda pamsewu kugwirizana ndi maepiskopi. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe. Mu Meyi antchito mu Blantyre adanyanyala ntchito, anthu ambiri adaomberedwa, ndipo maiko othandiza adaimitsa gawo lalikulu la chithandizo. Pa 14 Juni 1993 pa riferendamu anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha ndale za zipani zambiri. Kalata yokha sidachite zonsezi, koma ndiyo idatsegula pakamwa pa dziko.

Pakamwa patatseguka, mudatuluka zotani? Akuluakulu adati mvula ikagwa kuchuluka zoliralira. Pofika 1994 manyuzipepala m'dziko muno adapitirira 20. Ena adakhazikika, monga The Nation imene idayamba mu Julaye 1993, koma ambiri adafa pasanathe zaka zowerengeka. Tisawachepse, pakuti adagwira ntchito yaikulu: adasindikiza nkhani za omangidwa zimene zidabisika zaka makumi, ndipo adaphunzitsa anthu kuti nduna ingafunsidwe funso dziko osagwa. Amene adaona anthu ataunjikana pa nyuzipepala imodzi pansi pa mtengo, wina akuwerengera anzake mokweza, sangaiwale. Koma wowerenga mapepala ambiri a nthawi imeneyo mofatsa amaona msanga kuti kalembedwe kawo sikadachokere ku kalata ya 1992. Kadachokera ku nyimbo za 1964. Dzina linkalembedwa m'zilembo zikuluzikulu pamwamba, umboni osaoneka pansi. Nkhani zambiri zidalibe mlembi wodziwika, ndipo zinkatsamira pa mawu oti "akuti" ndi "mphekesera zamveka". Za kuchipinda, za matenda a munthu ndi za chigawo chimene achokera zinkasakanizidwa ndi za ndalama za boma ngati kuti zonse n'zolemera mofanana. Amene dzulo ankatchedwa abongololo adaphunzira kusula maina awoawo obwezera. Mbali zonse ziwiri zidachita zimenezi, ndipo palibe imene ingaloze inzake chala.

N'zosadabwitsa kwenikweni. Anthu amene adakhala zaka 30 akumva chitonzo chikuchokera mbali imodzi adaganiza kuti ufulu ndiko kulandira mpata wotonzako nawo. Ndiponso kutukwana n'kotchipa, pomwe kufufuza kumafuna nthawi, ndalama ya basi ndi kuleza mtima. Koma mtengo wake adalipira ndi anthu omwewo amene manyuzipepala ankati akuwatumikira. Pamene munthu aliyense wotchuka akutchedwa mbala sabata iliyonse, mbala yeniyeni imapeza pobisala pabwino, pakati pa onamiziridwa. Tsiku limene mtolankhani wakhama wabweretsa umboni weniweni, wowerenga wotopa amangoti, "N'zomwe zija," n'kukulungira nsomba pepalalo.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adayesa kusunga zinthu ziwirizi pamodzi. Gawo 35 limapereka ufulu wofotokoza maganizo, gawo 36 limateteza atolankhani, pomwe gawo 19 limati ulemerero wa munthu aliyense sungaphwanyidwe. Munthu amene akuona kuti mbiri yake yaipitsidwa angathe kusumira wonenayo kuti alandire chipepeso, ndipo mafunso amene khoti limafunsa sasiyana kwambiri ndi a kubwalo la mfumu. Kodi mawuwo adanenedwa kwa munthu wachitatu? Kodi amachepsa wonenedwayo pamaso pa anthu oganiza bwino? Zikatero, udindo wotsimikiza kuti n'zoona umagwera wonenayo, osati wonenedwa. Maganizo a munthu pa nkhani yokhudza anthu onse amatetezedwa ngati atsamira pa zinthu zoona: mungathe kunena kuti msewu udamangidwa mosalongosoka ngati maenje alipo, koma kunena kuti womanga adaba ndalama n'chinthu china chofuna umboni wakewake. Ndipo chimene ambiri sachidziwa n'chakuti wobwereza bodza amasenza mlandu ngati woliyambitsa. Kunena kuti "ine ndangomva" sikupulumutsa munthu, monganso sikunkapulumutsa kubwalo, kumene ankadziwa kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa.

Wina asaganize kuti izi ndi nkhani za andale ndi atolankhani okha. Kuipitsa mbiri koopsa kwambiri m'dziko muno kumachitika m'midzi, ndipo kumagwera amene sangathe kulemba loya. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi adaphedwa ndi gulu la anthu mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Chidayamba ndi mawu: wina adatchula maina, ena adabwereza, ndipo padalibe wofunsa umboni kapena wopatsa agogowo mpata woyankha.

Mbali inayo, malamulo amene ankagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa odzudzula akhala akugwa pang'onopang'ono. Mlandu woutsa anthu kuti adane ndi boma, umene kalata ya maepiskopi idapatsidwa ndiponso umene Chihana adamangidwa nawo, udachotsedwa m'malamulo ndi Nyumba ya Malamulo mu 2022, patatha zaka 30. Mu Julaye 2025 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu yaupandu, limene linkalola kuti munthu amangidwe kaamba koipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi ufulu wofotokoza maganizo. Oweruza adaona kuti ndende ndi chilango chopyola muyezo pa mlandu wa mawu, popeza wolakwiridwa ali ndi njira yosumira kuti apepesedwe. Ena adamva ngati khoti laloleza kunamizirana. Silidatero. Lidangochotsa unyolo m'manja mwa wapolisi, nkhuku yolipa ija n'kuisiya pomwepo.

Tisamalize ngati kuti kalata ya 1992 ilibe pofooka, pakuti kuunika koona sikuimba nthungululu kokha. Idachedwa. Zambiri zimene idatchula zidali zitachitika kwa zaka zoposa makumi awiri mipingo ikuyang'ana. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967, ndipo m'zaka zotsatira zikwizikwi za iwo zidathawira ku Zambia ndi ku Mozambique kaamba kokana kugula khadi lomwelo, popanda kalata yowalirira. Ndiponso luso lija losatchula maina lili ndi mbali yake yowawa. Lidateteza alembi ku mlandu woipitsa mbiri, inde, koma lidasiyanso ozunzidwa opanda maina. Kunena kuti ena adalipira mtengo waukulu kaamba ka maganizo awo n'koona, koma mkazi wamasiye safuna kumva kuti "ena". Afuna kumva dzina la mwamuna wake, tsiku, malo ndi dzanja limene lidachita.

Chitsanzo chake ndi nkhani ya ku Mwanza. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani, ndipo boma lidalengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Kwa zaka khumi ndi chimodzi dziko lonse linkanong'ona, ndipo kalata ya maepiskopi sidawatchule. Nyimbo ya pamtondo siingathe kusenza mlandu wa magazi. Umenewo umafuna bwalo, kumene maina amatchulidwa mokweza, mboni zimalumbira, ndipo wotchulidwa amayankha. Bwalolo lidadza boma litasintha. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Michael Mtegha lidamva mboni zambiri, ndipo lipoti lake, limene lidatuluka kumayambiriro kwa 1995, lidapeza kuti padalibe ngozi: anthu anayiwo adaphedwa ndi apolisi, mitembo yawo n'kuikidwa m'galimoto. Chaka chomwecho Dr. Banda, John Tembo ndi ena adazengedwa mlandu wopangana kupha, ndipo mu Disembala khoti lidawapeza osalakwa. Boma lidachita apilo, koma mu 1997 khoti lalikulu la apilo lidakana pempholo.

Wophunzira amene afuna kulemba za nkhaniyi lero ali ndi zambiri zimene anganene molimba mtima, dzina lake lili pansi: maina a ophedwa, malo, mwezi, bodza la ngozi, ndi zimene bungwe lofufuza lidapeza. Anganenenso maganizo ake pa momwe mlanduwo udayendetsedwera, ngakhale maganizowo akhale owawa. Chimene sangalembe ngati chotsimikizika ndi dzina la amene adalamula, pakuti amene adaimbidwa mlanduwo adamasulidwa, ndipo palibe munthu amene khoti lidamupeza wolakwa pa imfa za anthu anayi aja.